NJIRA YA MAGAZI: MAU KWA ODWALA IMPSO NDI ABALE AO

Lero ndifuna kukamba nanu za nthenda ya impso, koma sindidzakamba za nthenda yonse iai, pakuti nkhaniyo njaikuru. Ndasankhapo kacigawo kamodzi kokha, kamene anthu ambiri sakasamala kufikira tsiku limene kawagwera. Impso za munthu zikaleka kugwira nchito, madotolo amamuika pa makina osefa magazi, ndipo kusefako m'Cingerezi amati dialysis. Zimenezi ambiri a inu munazimvapo. Koma kodi munayamba mwadzifunsa kuti magaziwo amaturuka bwanji m'thupi kupita ku makina, nanga amabwerera bwanji? Payenera kukhala njira, ndipo njira zace ziripo zitatu. Wodwala ali nao mau pa kusankha njirayo, koma mau acewo amagwira nchito pokhapo atamvetsa zimene dotolo alikumuuza, ndiponso atazimva nthawi ikalipo.

Tiyambe ndi impso zomwe. Munthu ali nazo ziwiri, cakumsana, m'munsi mwa nthiti zomarizira, ndipo iri yonse kukula kwace kufanana ndi nkhonya ya mwini wace. Nchito yao ndiyo kusefa, monga umo amai acitira pocheza cidulo: madzi adutsa, phulusa litsala. Pa tsiku limodzi impso zimasefa madzi a m'magazi okwana ngati malita 180, koma pafupifupi onsewo zimawabwezera m'thupi, ndipo oturuka monga mkodzo ndi lita 1 ndi theka cabe, otenga zoipa zonse. Nthenda ya shuga ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi ndizo zimene zimaononga impso za anthu ambiri, ndipo zimaononga mwakacetecete, kwa zaka, munthu osamva kupweteka kuli konse.

Tsono impso zikafooka kotheratu, makina alowa m'malo mwace. Mwa nthawi zonse wodwala amapita ku makina katatu pa sabata, nakhalapo maora 4 ulendo uli wonse. Kuno kwathu makina otere alipo ku cipatala cacikuru ca UTH mu Lusaka ndi ku zipatala zina zazikuru, monga ca ku Ndola ndi ca ku Kitwe. Kuti kusefa kutheke m'maora owerengeka amenewa, magazi ayenera kuyenda msanga ndithu, mamililita ngati 300 pa mphindi imodzi, ndiye kuti botolo limodzi laling'ono la zakumwa zoziziritsa. Werengani nokha: pa maora 4 adutsa malita oposa 70, pamene magazi onse a munthu wamkuru ali ngati malita 5 okha. Cotero magazi a wodwala amazungulira m'makina koposa kakhumi asananyamuke pa mpando.

Apa ndipo pagona bvuto. Mitsempha ya magazi iri ya mitundu iwiri. Ina imacokera ku mtima, ndiyo imene imagunda mukagwira pa dzanja. Magazi ace ngamphamvu, koma iri mkati, pobvuta kulasa. Ina imabwerera ku mtima, ndiyo yobiriwira ija muiona pansi pa khungu, imene namwino amalasa potenga magazi okapima. Imeneyi njosabvuta kuipeza, koma njopyapyala, ndipo magazi ace amayenda pang'onopang'ono. Makina akakoka mwamphamvu pa mtsempha wotere umangophwa monga thumba lopanda kanthu. Mtsempha wina uli ndi mphamvu koma uli kutali. Wina uli pafupi koma ulibe mphamvu.

Bvuto limeneli linasautsa madotolo zaka zambiri. Makina oyamba osefa magazi amene anapulumutsa munthu anawapanga dotolo wa ku Holland, dzina lace Willem Kolff, m'tauni ya Kampen m'caka ca 1943, nkhondo yaikuru iri mkati. Zipangizo zinali zosowa, ndipo iye anatenga cikutiro copyapyala cimene amapangira masoseji nacikulunga pa mgolo wa matabwa wozungulira. Makinawo anasefa ndithu, ndipo m'1945 anapulumutsa mai wina wa zaka 67 amene impso zace zinaima mwadzidzidzi. Koma nthawi iri yonse poika munthu pa makina anayenera kudula mtsempha ndi mpeni ndi kuumanga atatha, kotero kuti patapita maulendo owerengeka mitsempha yoti adulepo inali kutha. Munthu amene impso zace zinafa kosabwerera sanathe kumthandiza.

M'caka ca 1960 dotolo wina, Belding Scribner wa ku Seattle m'dziko la America, pamodzi ndi mmisiri Wayne Quinton, anapanga kapaipi kokhota ka Teflon kokhala kunja kwa mkono, mbali imodzi kolowa mu mtsempha wocokera ku mtima, mbali ina mu wobwerera. Pa tsiku la makina anali kungokamasula pakati ndi kulumikiza. Wodwala woyamba kukabvala, Clyde Shields, anakhala ndi moyo zaka 11. Komabe kapaipiko kanali kutsekeka ndi magazi oundana, kanali kucita mafinya, ndipo kakasololoka munthu akanatha kutaya magazi ambiri pa kanthawi kocepa. Pamenepo m'1966 madotolo a ku New York, Michael Brescia, James Cimino ndi Kenneth Appel pamodzi ndi mnzao, analengeza nzeru imene ikali kugwira nchito kufikira lero: kusoka mitsempha iwiriyo pamodzi pansi pa khungu, popanda paipi iri yonse.

Njira imeneyi ndiyo yoyamba mwa zitatu zija, ndipo dzina lace ndi fistula. Ndiime pang'ono pa dzinali. Kuno kwathu munthu akamva mau akuti fistula amaganiza za nthenda yomvetsa cisoni ija imene imagwera akazi amene anabvutika nthawi yaitali pobereka, nayamba kudontha mkodzo. Tsono taganizani mai kapena bambo amene dotolo wamuuza m'Cingerezi kuti, "Tifuna kukupangirani fistula," osamfotokozera. Kodi adzabweranso pa tsiku la opareshoni? Mauwa tanthauzo lace ndi kanjira kolumikiza malo awiri amene sanali olumikizana. Ija ya akazi ndi cironda cimene ciyenera kusokedwa. Iyi ya pa mkono ndi njira imene dotolo amapanga dala. Kufanana kwace ndi dzina lokha basi.

Amene muli ndi madimba mudzamva msanga umo igwirira nchito. Mukapatutsa madzi a mumtsinje kulowa m'kangalande, pakapita nthawi kangalandeko kamakula ndi kuzama cifukwa ca mphamvu ya madzi. Momwemonso dotolo amatsegula pang'ono pa dzanja, pamene timabvala wochi, kapena pa cigongono, nalumikiza mtsempha wamphamvu uja ndi wopyapyala uja. Kawirikawiri amangocititsa dzanzi pamalopo, munthu ali maso. Magazi amphamvu akayamba kulowa mu mtsempha wopyapyala, mtsemphawo umakula, khoma lace nkulimba, kufikira utatha kulandira singano ziwiri katatu pa sabata, imodzi yoturutsa magazi, ina yobwezera. Madotolo amati wakhwima ukafika ngati mamilimita 6 m'mimba mwace, ndipo magazi oyendamo akafika ngati mamililita 600 pa mphindi.

Ubwino wace ngwaukuru. M'thupi mulibe cacilendo, ndi mitsempha ya mwini wace yokhayokha, cotero tizirombo sitipeza pobisala. Singano zikazulidwa khungu limatsekeka, ndipo munthu akhoza kusamba thupi lonse monga kale. Fistula yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri. Koma mbeu siikhwima tsiku lobzala. Fistula imafuna masabata 6, kawirikawiri miyezi 2 kapena 3, isanayambe kugwira nchito. Ndipo sindikubisirani, zina sizikhwima konse, makamaka kwa okalamba ndi kwa odwala shuga amene mitsempha yao njaing'ono kapena youma. Pamenepo dotolo ayenera kukonzanso kapena kuyesa pena. Ndiponso mkono umaoneka ndi mtsempha wotukuka, ndipo kulasidwa kumapweteka, makamaka masabata oyamba.

Njira yaciwiri amati graft. Ngati mitsempha ya munthu siingathe kukhwima, dotolo amaika kapaipi kofewa pansi pa khungu kukhala ngati mlatho pakati pa mitsempha iwiri ija, ndipo singano zimalasa pa kapaipiko. Imeneyi siicedwa, masabata 2 kapena 3 akwanira. Koma imatsekeka msanga kuposa fistula, ndipo popeza ndi cinthu cacilendo m'thupi, tizirombo timaikonda. Mtengo wace nawonso ngwokwera.

Njira yacitatu ndiyo catheter, kapaipi ka mphanda ziwiri kamene amalowetsa mu mtsempha waukuru wa m'khosi, nthawi zina wa pamwamba pa nchafu. Ka m'khosi nsonga yace imakafika pa khomo peni peni pa mtima. Kena nkosakhalitsa, ka masiku owerengeka. Kena amakayendetsa pansi pa khungu nkukaturukira pa cifuwa kuti kakhale miyezi. Kapaipi kameneka kapulumutsa anthu osawerengeka, pakuti kamagwira nchito tsiku lomwelo kaikidwa. Munthu amene impso zace zaima mwadzidzidzi cifukwa ca malungo akuru, kapena mai amene wataya magazi ambiri pobereka, safunikira fistula iai. Impso zace zikhoza kudzukanso patapita masabata, ndipo kapaipi kamkwanira. Odwala ambiri amakakondanso cifukwa palibe kulasidwa ndi singano.

Koma kwa munthu amene adzakhala pa makina zaka, kapaipi kali ngati khomo la nyumba losatseka usiku. Mbali imodzi iri kunja, pa khungu la thukuta ndi pfumbi, mbali ina iri m'magazi pafupi ndi mtima, ndipo tizirombo tikalowa palibe cotiletsa. Nthenda ya tizirombo m'magazi imagwira a kapaipi kawirikawiri kuposa a fistula, ndipo imapha. Cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici: kapaipi kakakhalitsa, mtsempha waukuru umene kalimo umacepa mkati. Tsono tsiku limene munthu adzafuna fistula ku mkono wa mbali yomweyo, magazi adzasowa podzera pobwerera ku mtima, mkono nkutupa. Ndiye kuti njira ya lero ikhoza kuononga njira ya mawa.

Nanga ngati ziri tero, ncifukwa ninji anthu ambiri amayamba ndi kapaipi ka m'khosi? Ena ndi cifukwa cakuti nthenda yao inadziwika mocedwa: afika ku cipatala atatupa miyendo ndi nkhope, alikusanza, alikupuma mobanika, ndipo palibe nthawi yoyembekeza miyezi 3. Ena ndi cifukwa ca kutalika kwa ulendo, ndi kucepa kwa madotolo odziwa kusoka mitsempha. Izi sitingazithe ndi nkhani ya pa wailesi. Koma alipo enanso amene anauzidwa nthawi ikalipo, koma sanamve, ndipo za iwowa ndifuna kunenapo mau olimba pang'ono.

Ife tinaleredwa ndi mwambo wakuti wamkuru akalankhula suyankha, ndipo dotolo timamuyesa wamkuru. Iye alankhula mofulumira, pakuti panja pali mzere wautali; asakaniza Cinyanja ndi mau a Cingerezi a m'mabuku ace; afunsa kuti, "Mwamva?" ndipo ife tiomba m'manja ndi kuti, "Inde, tamva." Pofika kunyumba abale afunsa, "Anena ciani ku cipatala?" "Akuti nsabwere mwezi wa mawa ndisanamwe mankhwala," kapena, "Akuti afuna kundidula mkono." Ulemu ndi cinthu cabwino, koma ulemu wotere ndi wotayitsa. Musayese kuti bvutoli ndi la osaphunzira okha. Ngakhale m'maiko amene pafupifupi munthu ali yense amawerenga, madotolo apeza kuti ambiri samvetsa mau a za umoyo, ndipo mantha amagonthetsa makutu a mphunzitsi ndi a kalaliki omwe. Tsiku limene munthu wauzidwa kuti impso zace zirikufa, mau ena onse onenedwa pambuyo pace amangopita ndi mphepo.

Cifukwa cace ndikupemphani kuti popita kukaonana ndi dotolo wa impso muzipita awiri, ndipo mnzanuyo akhale wosaopa kufunsa. Dotolo akatha kulankhula, mubwereze zimene mwamva m'mau anu anu, muziti, "Pepani adotolo, ndinene zimene ndamva, mundikonze ngati ndaphonya." Dotolo wabwino sakwiya nazo, pakuti iyi ndi njira imene iwo omwe amaphunzitsidwa masiku ano poyesa ngati wodwala wamva. Ndipo kwa inu anamwino ndi madotolo amene mulikumvetsera, funso lakuti "Mwamva?" liribe nchito, pakuti yankho lace mulidziwa kale. Jambulani mkono pa pepala, kapena mtengeni wodwalayo akaone mnzace amene ali ndi fistula, agwire yekha ndi zala zace. Mantha ambiri amathera pamenepo.

Pali nambala imodzi imene munthu wodwala impso ayenera kuidziwa monga adziwira zaka zace. Imapezeka popima magazi, ndipo pa pepala amalemba eGFR. Impso zikakhala zamoyo bwino nambalayi imaposa 90. Ikatsika kufika pansi pa 30 ndiyo nthawi yoyamba kukambirana za m'tsogolo, ngakhale munthu akali kuyenda ndi kulima. Ikatsika pansi pa 15 ndiye kuti makina ayandikira. Pa nthawi imeneyo funsani kuti, "Kodi mitsempha yanga njotani? Ndi njira iti imene iyenera ine, ndipo cifukwa ninji? Ikakanika imeneyo tidzacita ciani?" Funsaninso za njira zina zosadzera m'mitsempha, pakuti kuli kusefa kodzera m'mimba kumene munthu amacita kunyumba, ndiponso kuli kulandira impso ya munthu wina.

Ndanena zabwino zambiri za fistula, ndipo kwa munthu amene mitsempha yace njabwino, amene adzakhala pa makina nthawi yaitali, ine ndiona kuti ndiyo yoyenera kuyamba kuiganizira. Koma si lamulo la munthu ali yense. Ku America m'caka ca 2003 anayamba nchito yolimbikitsa fistula imene anaicha Fistula First, ndipo inathandiza ambiri. Koma anaonanso okalamba ena alikucitidwa opareshoni kawiri katatu pa mitsempha imene siikanakhwima konse. Cotero m'malangizo a caka ca 2019 a bungwe la National Kidney Foundation anati ayambe ayang'ana munthuyo: zaka zace, mphamvu ya mtima wace, mitsempha yace, ndi cimene iye mwini afuna, nakonzeretu njira yoyamba ndi yotsatira yace. Gogo wa mtima wofooka akasankha kapaipi atamva zonse, sanalakwe. Coipa ndico kukhala ndi kapaipi zaka ziwiri cifukwa palibe anakufotokozera kuti kuli njira yina.

Tsopano za kusunga mitsempha, ndipo izi ziyamba kale fistula isanapangidwe. Mtsempha uli wonse wolasidwa kawirikawiri, kapena woikidwa diripi, umacita cipsera mkati, ndipo wa cipsera sukhwima. Madotolo amakonda kupanga fistula ku mkono umene munthu sagwiritsa nchito kwambiri, ndiwo wamanzere kwa ambiri a ife. Tsono ngati mwauzidwa kuti impso zanu nzofooka, nenani kwa namwino ali yense wofuna kukulasani, ngakhale pa kacipatala ka kumudzi, kuti atenge magazi kuseri kwa cikhato, asiye mitsempha ya pa mkono. Iye sangadziwe mukapanda kumuuza. Mkono umenewo musautemeretsenso mphini.

Fistula ikapangidwa, muziigwira ndi nsonga za zala m'mawa ndi madzulo. Mudzamva kunjenjemera kosaleka, monga mumva mukagwira khoma la cigayo cikugaya. Kunjenjemerako kukaleka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, osayembekeza tsiku la makina, pakuti magazi oundana akacotsedwa msanga fistula ikhoza kupulumuka. Pa mkono umenewo asapimirepo kuthamanga kwa magazi, asaikepo diripi, musabvalepo wochi kapena cibangiri cothina, musautsamire pogona, ndipo musakolowekepo cidebe ca madzi kapena thumba lolemera. Kufinya kampira kofewa m'dzanja kumathandiza mtsempha kukula, dotolo akakulolani. Zala zikayamba kuzizira, kucita dzanzi kapena kupweteka, nenani msanga, pakuti nthawi zina fistula imalanda magazi oyenera kupita ku dzanja. Pempheninso anamwino kuti azisintha polasa, kukwera ndi kutsika monga makwerero. Kulasa pamodzimodzi sikupweteka kwambiri, koma kumafoola khoma la mtsempha nkutupa ngati cibaluni. Ndipo magazi akayamba kuturuka muli kunyumba, tsinikani pamalo pomwepo mwamphamvu ndi kansaru koyera, osasuzumira, kwa mphindi 10. Akapanda kuleka, thamangani ku cipatala muli citsinikire.

Kwa inu amene muli ndi kapaipi, kasanyowe posamba, ndipo zitsekero zace asatsegule munthu wina koma namwino wa ku makina. M'miyezi yotentha, pamene thukuta licuruka, bandeji ikanyowa kapena kumatuka ikasinthidwe. Koposa zonse, mukamva kuzizidwa ndi kutentha thupi, makamaka muli pa makina kapena mutangocokapo, musafulumire kunena kuti ndi malungo ndi kukagula mankhwala ku sitoro. Akhoza kukhala malungo, inde, koma kwa munthu wa kapaipi tiyamba taganiza za tizirombo m'magazi, ndipo pamenepo tsiku limodzi locedwa ndi lalikuru. Pitani akapime zonse ziwiri.

Nthawi yathu yatha. Sabata ya mawa pa nthawi yonga yomwe ino tidzakamba za madzi, mcere ndi zakudya za munthu wa pa makina, ndi cifukwa cace nthoci ndi mapeyala, zimene ziri zabwino kwa ena onse, iye ayenera kudya mosamala. Tsalani bwino nonse.